Musanagulitse ndalama zakale za agogo, onani chaka ndipo muziike pa sikelo

Abale anga a kumudzi, chimvereni kuti kuno ku Birmingham ndimakonda kuzungulira m'misika ya zinthu zakale, ambiri mwakhala mukunditumizira zithunzi za makobiri pa WhatsApp. Funso limakhala limodzi: kodi izi zingagulidwe zingati kunjako? Ndati ndilembe pamodzi kuti aliyense athe kudziwerengera yekha, chifukwa zimandipweteka kumva kuti wina wapereka chitini chonse cha agogo ake pa mtengo wa sopo, pamene wina akusunga makobiri opanda siliva n'komwe akudikira mamiliyoni.

Kuno munthu ukalowa m'sitolo ya ogula siliva, monga zomwe zadzaza ku Jewellery Quarter, palibe amakufunsa kuti ndalamazo zinachokera kuti. Wogula amazikhuthulira patebulo, n'kuyamba kuzisankha potengera dziko ndi chaka. Akamaliza amaika mulu uliwonse pa sikelo yomwe nambala zake nawenso ukuziona, kenako amatsegula mtengo wa siliva wa tsiku limenelo, womwe umalengezedwa ku London tsiku lililonse la ntchito. Akakayika ndalama ina, amailoza ndi kachipangizo kotchedwa XRF, komwe kamaonetsa zitsulo zonse zili m'katimo popanda kuikanda. Ndipo amakuuza poyera kuti sakulipira mtengo wonse, achotsapo pang'ono kuti naye apeze phindu. Ukaona kuti wachotsa zambiri, umangonyamula n'kukafunsa sitolo yoyandikana nayo.

Kwathu zimayenda mwa mphekesera. Pamabwera munthu wa chikwama chake, amangoti akufuna "za mutu wa mfumu" kapena "zobooka pakati", ndipo mtengo amatchula yekha. Sikelo palibe. N'chimodzimodzi kugulitsa chimanga kwa venda amene wabwera ndi ndowa yakeyake yomwe iwe sukudziwa kukula kwake. Ena amayesa ndi maginito, ati ikapanda kukakamira ndiye kuti ndi siliva. Zoona, siliva sakakamira ku maginito, koma mkuwa wosakaniza ndi nikelo, womwe unalowa m'malo mwa siliva m'ndalama zambiri, nawonso sukakamira. Maginito sangakusiyanitsireni ziwirizi.

Chomwe chimanena zoona ndi chaka cholembedwa pa ndalamayo. Ndalama zoyera za ku Britain zopangidwa chisanafike chaka cha 1920 zili ndi magawo 925 a siliva pa magawo 1,000 alionse. Nkhondo yoyamba itatha siliva anakwera mtengo, boma linatsitsa mlingowo kufika theka, magawo 500, ndipo zinakhala choncho mpaka 1946. Kuyambira 1947 anachotseratu siliva yense, mwa zina chifukwa dzikolo linkayenera kubweza siliva yemwe linabwereka ku America pa nkhondo yachiwiri.

Koma m'zitini za kwathu simupezeka za ku Britain zokha, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri, ngakhale ogula ena a kuno, amasokonezeka. Agogo athu omwe anapita ku Joni kudzera ku Wenela ankabwera ndi ndalama za ku South Africa. Zimenezo kuyambira 1923 mpaka 1950 zili ndi magawo 800, ndipo kuyambira 1951 mpaka 1964 zili ndi magawo 500. Za ku Southern Rhodesia, zomwe zinkagwiranso ntchito kwathu ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, zinayamba mu 1932 zili ndi magawo 925, zinatsika kufika 500 mu 1944, n'kutheratu siliva mu 1947.

Taonani mmene zimakhalira. Tengani ma half crown atatu, ndalama ija ya mashilingi awiri ndi sikisi, onse a 1940, onse a mutu wa Mfumu George VI, onse olemera magalamu 14.14. Ukawayang'ana chakumutu amaoneka ofananako. Ya ku Britain ili ndi siliva wa magalamu 7.07. Ya ku South Africa ili ndi magalamu 11.31. Ya ku Southern Rhodesia ili ndi magalamu 13.08, pafupifupi kuwirikiza kawiri ya ku Britain ija. Ndiye munthu akakuuzani kuti "zonse za mutu wa mfumu mtengo wake ndi umodzi", dziwani kuti mwina sakudziwa, mwina akudziwa bwino lomwe. Tembenuzani ndalamayo muwerenge dzina la dziko.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Sankhani ndalama zanu m'milu itatu kapena inayi potengera mlingo wa siliva. Simufunika kulekanitsa tiki, sikisi ndi shilingi, chifukwa m'maiko atatuwa kulemera kunkatsata mtengo: shilingi ndi magalamu 5.66, sikisi ndi theka lake, tiki ndi theka la sikisi. Ikani mulu uliwonse pa kasikelo kakang'ono ka batire, kofanana ndi komwe amagwiritsa ntchito ogula golide. Tinene kuti mulu wa magawo 500 walemera magalamu 200, ndiye kuti siliva ndi magalamu 100. Mulu wa magawo 800 walemera 150, chulukitsani ndi 0.8, mupeza 120. Mulu wa magawo 925 walemera 40, mupeza 37. Zonse pamodzi ndi magalamu 257. Mtengo wa siliva amaulengeza pa troy ounce, yomwe ndi magalamu 31.1, osati ounce ya pa sikelo ya kukhitchini ya magalamu 28.35. Mukagawa 257 ndi 31.1 mupeza 8.26. Nambala imeneyo muichulukitse ndi mtengo wa tsikulo wa m'madola, womwe uli pa intaneti, kenako musinthe kukhala makwacha.

Ndikuumirira za sikelo chifukwa ndalama zomwe zinayenda m'manja zaka zambiri zimaperepeseka. Tiki yomwe yafufutika nkhope silemeranso ngati mmene inatulukira ku fakitale, ndipo yomwe inabooledwa kuti ikhale mkanda yataya kagawo kake. Mabuku amakupatsani kulemera kwa ndalama yatsopano, sikelo imakupatsani kwa yomwe ili m'dzanja lanu.

Tsopano nkhani yowawa, yomwe ena mundikwiyira nayo. Zithunzi zambiri zomwe ndimalandira ndi za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zomwe zinayamba kutuluka mu 1955, monga kobiri lobooka la njovu ziwiri lija. Zina ndi za 1964 za mutu wa Kamuzu, za tambala, za chimanga ndi za njovu, zomwe tinagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. M'ndalama zimenezi, zomwe anthu ankagulira zinthu pamsika, mulibe siliva. Kobiri lobooka ndi la mkuwa basi. Osonkhanitsa ndalama zakale akhoza kuzigula zikakhala zosafufutika, koma kuno ndimaziona zili mbwee m'mabokosi a zosakaniza, pa mtengo wochepa kwambiri. Chonde musalipire munthu "ndalama yoyezera" kapena "yolembetsera" kuti akupezereni mzungu wogula kobiri. Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa.

Pali chimodzi chomwe kwathu timachita bwino kuposa kuno. Kuno ndaona anthu akukhuthula thumba la malemu bambo awo pa sikelo osayang'ana n'komwe, zonse n'kupita kokasungunula. Kwathu agogo amatha kukuuza kuti shilingi iyi anabwera nayo malume ako pochokera ku Salisbury, iyi inatsala pa ndalama za ukwati. Kwa ine mbiri imeneyo imaposa magalamu asanu a siliva, ndipo ngati banja silili pa vuto lalikulu ndingakonde kuti zina muzisunge, mutalemba papepala dzina la amene anabwera nazo.

Mukatsimikiza zogulitsa, musazitsuke ndi phulusa, mchenga kapena mandimu. Kuda kuja n'kwachibadwa kwa siliva, ndipo osonkhanitsa amachepetsa mtengo wa ndalama yokwechedwa. Patulani pambali iliyonse yooneka yatsopano ndi iliyonse ya m'zaka za m'ma 1800, makamaka za mutu wa Paul Kruger za pakati pa 1892 ndi 1897, chifukwa zoterezi zimatha kugulidwa kuposa siliva wake. Zimenezo muzijambule mbali zonse ziwiri pamalo owala, chaka chizioneka bwino, ndipo mufunse anthu angapo musanavomere mtengo wa aliyense.