Pa Sitima ya Ilala ndi Khanda la Miyezi Inai

Dzina lakuti Ilala ndi la kwathu kuno ku Zambia. Ilala ndilo dziko la Alala, kumene kunali mudzi wa mfumu Chitambo, komwe David Livingstone anamwalira m'caka ca 1873. Patapita zaka ziwiri, mu 1875, amishoni a ku Scotland anafika ndi kasitima ka nthunzi pa nyanja ya Malawi, nakapatsa dzinali pofuna kumkumbukira. Sitima imene anthu amaidziwa ndi dzina la Ilala masiku ano ndi yaciwiri. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow pafupi ndi mzinda wa Glasgow, inabwera m'zidutswazidutswa kudzera pa doko la Beira, ndipo atailumikiza inayamba nchito mu 1951. Inalowa m'malo mwa sitima ya Vipya, imene inamira mu July 1946 pamodzi ndi anthu 145. Kwa zaka zoposa 70 Ilala yanyamula anthu, matumba a cimanga, usipa wouma, simenti ndi malata pakati pa Monkey Bay kumwera ndi Chilumba kumpoto, kudzeranso pa zisumbu ziwiri za Likoma ndi Chizumulu.

Cimene cinatikweza ife pa sitimayi ndi mdzukulu wathu wamkazi wa miyezi inai. Amake, mwana wathu, anatisiya patangopita masabata atatu cibadwire khandalo, ndipo monga mwa mwambo wathu wa Acewa mwanayo anatsala m'manja mwa ife a kucikazi. Atate ake kwao ndi ku Likoma. Amai ao, amene ndi okalamba ndipo sangathenso ulendo wautali, anatumiza mau kawiri konse kuti afuna kumuona mdzukulu wao maso akali kupenya. Pempho lotere silikanidwa. Koma khanda lopanda bere la amake limadalira mkaka wa m'citini, ndipo mkaka umenewu umafuna madzi owira, moto, sopo ndi ziwiya zoyera nthawi iriyonse mwana akamva njala, usana ndi usiku womwe.

Tisananyamuke tinapita ku sikelo, ndipo anamwino anakhala nafe pansi ndi pensulo kuti tiwerengere pamodzi. Khanda la msinkhu umenewu limamwa mkaka wokwana pafupifupi mamililita 150 pa kilogalamu iriyonse ya thupi lake tsiku lirilonse. Wathuyu anali wolemera makilogalamu 6, ndiye kuti mamililita 900 pa tsiku, ogawidwa kasanu ndi kamodzi. Citini ca magalamu 400 cimapereka malita atatu okha a mkaka, motero cimatha m'masiku atatu. Ulendo wonse, kupita ndi kubwera, tinauyesa wa masiku 12, ndiye zitini 4. Anamwino anati tionjezere ziwiri, pakuti pa nyanja wolamula nthawi ndi mphepo, ndipo pa cisumbu munthu sangadalire kuti m'sitolo akapezamo mkaka wa makanda. Anaticenjezanso kuti mkaka wa ufa wothira mu tiyi, mkaka wa ng'ombe, maheu kapena phala sizingalowe m'malo mwake kwa mwana wosakwana miyezi 6, ngakhale zinthu zitathina bwanji.

M'cikwama ca mwana tinaikamo zitini 6, mafulasiki awiri, timakapu titatu, botolo la mizere yoyezera madzi lokhala ndi cotsekera cake, kapoto ka civundikiro, kabeseni, sopo, mapaketi a ORS, neti ya udzudzu, toci ndi khadi lake la ku sikelo. Katundu wa khandalo anaposa wa ife akulu awiri.

Kucokera ku Chipata tinadutsa malire pa Mwami, tinapyola Mchinji ndi Lilongwe, tinagona ku Mzuzu, ndipo m'mawa mwake tinatsika mapiri kulinga ku Nkhata Bay. Doko limeneli liri pakati pa zitunda zobiriwira zimene zimatsetserekera m'madzi mwenimweni. Ndi dziko la Atonga, anthu a nyanja, ndipo ponseponse pa gombe pali mabwato osema, maukonde oyanika ndi fungo la usipa. Ilala tinaipeza itaima, yoyera mbuu, yaitali mamita ngati 52, anthu ali pikitipikiti kukweza katundu. Kunsi kwa sitima ndiko kumakhala khamu lalikulu pamodzi ndi mitolo yao, pamene zipinda zogona ndi bwalo lopanda denga ziri pamwamba. Unali mwezi wa July, nyengo ya mwera, mphepo yozizira yocokera kumwera imene imautsa mafunde. Tinasankha malo pa benci pafupi ndi khoma, pamene mphepo siinali kufika, ndipo mdima utagwa sitima inaliza lipenga lake nkuyamba kuyenda.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560, ndipo kumpoto kwake ndi yakuya mamita 700. Madzi ake ndi oyera kotero kuti pafupi ndi gombe munthu amaona miyala ya pansi. Mlendo angaganize kuti madzi otere ndi abwino kwa wina aliyense, koma m'madoko ndi m'midzi ya m'mphepete anthu amasamba, kucapa ndi kutsuka nsomba m'madzi omwewo. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko la Malawi, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali m'gulu la okhudzidwa kwambiri. Nafenso sitinaiwale za kuciyambi kwa 2024, pamene bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala ca odwala kolera. Munthu wamkulu akatsegula m'mimba amapirira ndithu, koma khanda limatha madzi m'thupi m'maola ocepa, ndipo pakati pa nyanja palibe cipatala cothamangirako.

Pali cinanso cimene ambiri sacidziwa. Ufa wa m'citini, ngakhale citini ciri catsopano, ungathe kukhala ndi tizirombo, monga kamene madokotala amakachula kuti Cronobacter, koopsa kwa makanda ang'ono. Ndico cifukwa cake mabungwe a WHO ndi FAO, m'malangizo ao a mu 2007, anati mkakawu uzisungunulidwa m'madzi amene awira ndipo akali otentha madigiri 70 kapena kuposa. Madzi ofunda cabe sapha tizirombo. Madzi ogula a m'botolo naonso ayenera kuwiritsidwa. Fulasiki yabwino, ikadzazidwa mpaka pakamwa ndi kutsekedwa msanga, imasunga kutentha kumeneku kwa maola angapo. Pa ulendo wathu fulasiki ndiyo inali cuma coposa ndalama za m'thumba.

Sitima itangocoka pa doko tinapita ku khichini ndi mafulasiki athu. "Abambo, tipempheko madzi owira a mwana," tinatero. Wophikayo anatiyang'ana, nayang'ananso khanda liri kumbuyo m'citenje, ndipo anati, "Imani pompo, agogo, muone nokha akubwadamuka." Kwathu timachedwa ambuya, koma tsidya lija tinasanduka agogo ulendo wonse. Tinayamba tatsuka mafulasikiwo ndi madzi otentha, kenaka tinawadzaza.

Kukonza mkaka pa sitima yogwedezeka ndi nchito ya anthu awiri. Woyamba amasamba m'manja ndi sopo, nathira madzi otentha m'botolo loyezera kufikira pa mzere woyenera. Madzi ndiwo amayamba, ufa pambuyo. Ufawo umatapidwa ndi kasupuni ka m'citini momwemo, kodzaza molingana ndi milomo yake, monga mwa muyeso wolembedwa pa citini. Kucepetsa ufa kuti citini cikhalitse kumaonetsa mwana njala ali cikhutire ndi madzi, ndipo kuucurukitsa kumavutitsa impso zake. Waciwiri amagwira kabeseni ka madzi ozizira, mmene botolo lotseka limamizidwa kulekeza m'khosi mpaka dontho la mkaka likagwera pa mkono limveke lofunda cabe. Nthawi yonseyi mwana akulira, ndipo mtima umafuna kufulumira. Mkaka umene watsala sitinali kuusunga. Ukatha maola awiri uyenera kutayidwa, cifukwa tizirombo timaswana msanga mu mkaka wofunda.

Tinali kumwetsa ndi kapu, monga anatiphunzitsa ku sikelo, pakuti kapu imatsukika bwino kuposa botolo la nsonga ya mphira. Mwana amakhazikidwa tsonga pa miyendo, kapu imagusa mlomo wake wa m'munsi, ndipo imapendekedwa pang'ono kuti mkaka ungokhudza milomo. Iye amamwa yekha, osacita kumthira m'kamwa. Mafunde atakula tinatsika pa benci nkukhala pansi, msana utatsamira khoma, kuti dzanja lisagwedezeke.

Pafupi nafe panali mai wina wacitsikana wa ku Chizumulu, naye ndi khanda lake. Lake likalira anali kungoliseza m'citenje nkuliika ku bere, ndipo posakhalitsa linali kugona. Atationa tikulimbana ndi fulasiki kaciwiri usiku umenewo anasendera pafupi.

"Agogo, amake a mwanayu ali kuti?"

"Anatisiya, mwanangu."

Anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Pepani, agogo. Mukalola ndimuyamwitseko. Mawere ndi awiri, wangayu sangamalize."

Tinaomba m'manja pomthokoza, misozi iri m'maso. Makolo athu anali kutero kumene: mwana wamasiye anali kuyamwa kwa amai ake aang'ono kapena kwa ambuya ake, ndipo ana ambiri anapulumuka motero. Koma masiku ano, popeza kacirombo ka HIV kangathe kupatsirana kudzera mu mkaka wa m'mawere, mai wina amayamwitsa mwana wa mnzake pokhapokha atapimidwa ndipo a cipatala avomereza. Tisanathe nkufotokoza komwe iye anagwedeza mutu nati, "Zoona, agogo, nafenso ku sikelo amatiuza comweco." Kucokera pamenepo anatigwirira toci ndi kabeseni kufikira pamene anatsika. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo usiku umenewo tinaziona ndi maso.

Poyang'ana mai uja tinazindikira kukula kwa cimene mdzukulu wathu anataya. Mai woyamwitsa amayenda ndi cakudya ca mwana cofunda kale, coyera, cokhala ndi madzi okwanira ngakhale kutenthe bwanji, ndiponso coteteza ku matenda. Safuna moto kapena fulasiki. Khanda lodalira citini limatha ufa wokwana makilogalamu ngati 20 m'miyezi yake 6 yoyamba, ndalama zimene mabanja ambiri a kumudzi sangazipeze. Mabungwe a WHO ndi UNICEF amalangiza bere lokha kwa miyezi 6, ndi kupitiriza kuyamwitsa pamodzi ndi zakudya zina kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Mu 1981 maiko anagwirizana malamulo oletsa makampani kunyengerera amai kuti asiye bere nkumagula mkaka wa m'citini. Mkaka umenewu ndi cipulumutso kwa ana onga wathuyu, koma mai amene ali moyo ndi wathanzi asalekeze mwana kuyamwa cifukwa ca ulendo.

Pakati pa usiku tinafika pa Chizumulu. Sitima inaima patali ndi gombe, maboti anatsitsidwa, ndipo anthu anatsikiramo pa makwerero mafunde akuwakankha uku ndi uku. Makanda anali kupatsirana m'manja kucokera kwa wina kupita kwa wina, kufikira atafika kwa amao m'boti. Mnzathu uja anatsika comweco, natikweza dzanja ali m'madzi.

Kunja kukuca tinaona Likoma, cisumbu ca miyala ndi milambe ikuluikulu, ndipo kuseri kwake mapiri a Mozambique akuoneka pafupi. Zisumbu ziwirizi ndi za Malawi ngakhale zazingidwa ndi madzi a Mozambique. Pamwamba pa doko pali chalichi cacikulu ca St Peter ca mpingo wa Anglican, cimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo pafupi pake pali cipatala. Tinayamba taona njira ya ku cipatalako tisanapite ku mudzi. Gogo wa mwanayo anamlandira atakhala pa mphasa, namuyang'ana nkhope nthawi yaitali, namuchula dzina la amai ao omubala. Masiku amene tinakhala pa cisumbupo moto sunazime pa mafuwa. M'mawa ndi madzulo tinali kuwiritsa makapu ndi botolo m'kapoto kaja, ndipo azakhali ake a mwanayo anaphunzira muyeso wa ufa kufikira anayamba kutilanda nchito.

Amene amakwera sitima zikuluzikulu za alendo okaona malo, monga zocokera ku Durban kupita ku zisumbu za Mozambique, amapeza magetsi, mafiriji ndi dokotala m'sitima momwemo. Komabe makampani ambiri a sitima zotere salandira khanda losakwana miyezi 6, ndipo amauza makolo kuti abwere ndi mkaka wao wokwanira ulendo wonse. Kumene kuli firiji yozizira madigiri 5 kapena kucepera, mkaka wokonza kale ungasungidwe kufikira maola 24. Kumene kulibe, monga pa benci ya Ilala, m'basi ya ku Lusaka kapena m'boti la pa Bangweulu, mkaka umakonzedwa pa nthawi yomwe mwana afuna kumwa.

Tinabwerera ku Chipata patatha masiku 13, citini cimodzi cikali cosatsegula. Sabata lotsatira tinapita naye ku sikelo, ndipo anamwino atamuika pa muyeso analemba kadontho katsopano pa khadi, pamwamba pa ka mwezi wathawo. Kwa inu ambuya, azakhali ndi atate amene mukulera khanda lopanda amake ndipo ulendo wakupezani, yambani mwapita ku sikelo mukawerengere zitini, muonjezerepo za masiku ena, ndipo musacite manyazi kupempha madzi owira kulikonse kumene mwaona moto.