Injini ikazima m'mwamba

Pa 5 Malichi 2015, katswiri wa mafilimu Harrison Ford ananyamuka pa bwalo la ndege la Santa Monica, ku America, ndi kandege ka mtundu wa Ryan kopangidwa mu 1942. Atangokwera pang'ono, injini inasiya kukoka. Anakhota kuti abwerere koma bwalo linamutalikira, ndipo anakagwera pa bwalo la gofu la Penmar atawomba nsonga ya mtengo. Anavulala kwambiri, koma moyo anapulumutsa. Ofufuza ngozi a bungwe la NTSB atamasula injiniyo anapeza kuti kachitsulo koyeza mafuta mu kabuleta kanali katakhwefuka. Mafuta anasefukira, injini n'kutsamwa.

Ife amakaniko a ndege nkhani imeneyi imatikhudza, chifukwa kachitsulo kotere kamadutsa m'manja mwathu. Mwachitsanzo, injini ya Lycoming ya mu ndege ya Cessna 172 siizima chisawawa. Masilinda ake ndi anayi, iliyonse mapulagi awiri, ndipo moto umachokera ku magineto awiri osadalira batire. Imodzi ikafa, inzake imakoka. Chimene chimazimitsa injiniyi kawirikawiri ndi mafuta: atha, woyendetsa watsegula thanki yopanda kanthu, kapena alowa madzi.

N'chifukwa chake ndege isananyamuke timakhetsa mafuta pang'ono kunsi kwa phiko, m'kabotolo koonekera, n'kukakweza poyera. Mafuta a ndege a Avgas 100LL ndi abuluu. Madzi ndi olemera, amakhazikika pansi ngati timikanda toyera. Woyendetsa wodumpha zimenezi chifukwa chofulumira, ine sindimukhulupirira.

Injini ikazimabe, ndege siigwa nthawi yomweyo, imayandama. Woyendetsa amaweramitsa mphuno mpaka liwiro lifike manoti pafupifupi 65, ndipo 172 imayenda mamita pafupifupi 9 pa mita iliyonse imene yatsika. Ali pamtunda wa mamita 1,000, ali ndi makilomita ngati 9 oti asankhemo munda kapena msewu, makamaka woyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Akatero m'pamene amasintha thanki, kutsegulira mpweya wotentha ku kabuleta ngati mwaundana ayezi, kuitana Mayday pa wailesi pa 121.5 ndi kutchera 7700 pa kachipangizo ka transponder.

Choopsa kwambiri n'kuzima ndege itangonyamuka kumene. Mtima umafuna kubwerera pabwalo, koma kukhota uli m'munsi kumadya liwiro, ndipo ambiri afera pamenepo. Alangizi amati tera kutsogolo komweko. Matayala asanagunde pansi, woyendetsa amatseka mafuta, kuzimitsa magetsi, n'kumasula chitseko kuti ndege ikapindika chisakane kutseguka.