Makina Ogulitsa Okha: Nanga Woyankha Mlandu Ndani?

Anyamata athu amene amapita ku Joni kukafuna ntchito amabwerako ndi nkhani zambiri, ndipo imodzi imene yafala kuno ku maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi ya makina ogulitsa okha. Akuti ndi chibokosi chachitali ngati chitseko, cha galasi kumaso. Uponyamo ndalama, udina batani, ndipo botolo la chakumwa ligwera m'munsi, popanda wogulitsa woti unenerere naye mtengo. Ena ayamba kale kuŵerengera phindu. Ati, nanga munthu utaimika makina otere pachipata cha fakitale tsiku la malipiro, pamene othyola tiyi atuluka ndi ndalama m'manja? Makina sadwala, sapita ku maliro, sakongoza achibale. Ife makolo timamvetsera ndithu, ndipo sitiwaseka ai, pakuti mwana woganiza za malonda aposa woganiza za moŵa. Koma tikafunsa za laisensi, ambiri amadabwa nati, "Laisensi ya chiyani, bambo, popeza palibe munthu wogulitsa?"

Funso limeneli ndi loyenera kuliyankha modekha, pakuti m'menemo muli mbuna imene ingameze ndalama zimene mwana wavutikira zaka zitatu kudziko la eni.

Makina aŵa si achilendo monga tiganizira. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, katswiri wina wa ku Alexandria, dzina lake Hero, analongosola chiŵiya chimene chinkatulutsa madzi pang'ono munthu akaponyamo ndalama yachitsulo: ndalamayo inkagwera pa kambale, kulemera kwake n'kutsekula potulukira madzi. Mu 1883 ku London kunaimikidwa makina ogulitsa mapositikhadi, ndipo ku Japan lero aliko mamiliyoni. Kwathu kuno nakonso ayamba, ngakhale m'maonekedwe ena. Bungwe la Lilongwe Water Board linakhazikitsa malo otungira madzi otchedwa e-Madzi, kumene mayi amagunditsa khadi lake ndipo madzi amatuluka, ngakhale m'mamaŵa wogulitsa asanadzuke. Koma makina a ndalama zachitsulo sangapite patali m'Malaŵi muno, pakuti yaikulu mwa ndalama zathu zachitsulo ndi K10, imene siikwanira ngakhale switi imodzi, makamaka chichepetsedwere mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Makina ogwira ntchito kuno ayenera kulandira ndalama zapepala, zimene kaŵirikaŵiri zimakhala zofumbwa ndi thukuta la m'thumba, kapena za pafoni monga Airtel Money ndi Mpamba, zimene zili pansi pa ulamuliro wa Reserve Bank of Malawi.

Tsono tibwere ku funso lija. Wogulitsa alipo. Sakuoneka chabe. Alipo munthu amene anagula makinawo, amene amaikamo katundu, amene amaika mtengo, amene amadzatenga ndalama madzulo. Pamaso pa lamulo ameneyo ndiye wamalonda, chimodzimodzi ndi mwini golosale wa pa Bvumbwe kapena mayi wa tiyirumu wa pa Goliati. Ife aphunzitsi timakonda kufunsa ana a sukulu kumene kunachokera liu lakuti okala, limene timatchulira kasitolo kakang'ono ka m'mudzi. Linachokera ku liu la Chingerezi lakuti hawker, ndiye kuti wogulitsa moyendayenda, amenenso ankafunika chiphaso chake. Onani tsono, ngakhale dzina la kasitolo kathu linabadwira m'buku la malaisensi.

Choyamba ndi malo, ndipo apa mpamene anyamata a kuno ayenera kutsekula maso kuposa anzao a m'tauni. Pachipata cha fakitale si pabwalo la amfumu. Nthaka ya esiteti ili ndi eni ake, ena a iwo akale ndithu, monga Satemwa imene inayamba mu 1923. Wofuna kuimika kanthu pamenepo, kaya ndi makina, kaya ndi benchi ya mandasi, ayenera kupempha chilolezo kwa akuluakulu a esiteti, ndipo chikhale cholembedwa. Mau apakamwa a kapitawo sakwanira, pakuti kapitawo asamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo pake sadziŵa pangano lanu. M'kalatamo mulembedwe za magetsi: alipira ndani, ndipo makina akaphwanyidwa usiku, mlandu ngwa mlonda kapena ngwa mwini?

Kenaka ndi laisensi ya malonda. Lamulo la Business Licensing Act la 2012 likuti munthu asachite malonda popanda laisensi, ndipo Mmalaŵi amaitenga ku khonsolo ya dera lake chaka ndi chaka. Kwa ife ndi khonsolo ya boma la Thyolo, koma wa ku Luchenza akumbukire kuti tauni imeneyo ili ndi khonsolo yakeyake. Makhonsolo alinso ndi mphamvu, mwa lamulo la Local Government Act la 1998, yopanga malamulo aoao a misika ndi malo ogulitsira, choncho nzeru ndi kukafunsa musanagule makina, osati atafika kale pa Mwanza. Safunsa anadya phula. Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kutenga nambala ya msonkho ku MRA sitinenapo zambiri. Ndi njira imene wamalonda aliyense wokhazikika amadutsamo.

Chimene tifuna kukhalapo pang'ono ndi muyeso. Ngati pali anthu m'dziko muno odziŵa tanthauzo la sikelo, ndi ife a kuno. Mayi amene waŵerama m'munda wa tiyi kuyambira kum'banda kucha, dengu lili kumsana, mame atamnyowetsa mpaka m'chiuno, malipiro ake onse amapachikika pa kamuvi ka sikelo ndi pa cholembera cha kalaliki. Amayang'anitsitsa kamuviko monga mmene wodwala ayang'anira nkhope ya dokotala. Akapita kumsika ndi ndalama zomwezo akumananso ndi miyeso ina: ndowa ya chimanga imene ena amaiphwanyira m'kati kunsi kwake, kachingwe ka mafuta ophikira, kambale ka ufa. Koma kumsika ali ndi podzitetezera. Angathe kutembenuza ndowayo, angathe kudandaula, angathe kupempha basera, ndipo wogulitsa, poopa maso a anthu, amawonjezera. Nanga makina mudzakangana nao bwanji? Akalemba kuti lita imodzi koma n'kutulutsa yopereŵera, adzapereŵeza chimodzimodzi kwa munthu woyamba ndi kwa munthu wa chikwi, osachita manyazi ngakhale kamodzi. Ndowa yophwanyika imabera mmodzimmodzi pamaso poona. Makina olakwika amabera mudzi wonse mwakachetechete, mwina ngakhale mwini wake osadziŵa.

Ichi ndi chifukwa chake bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, limayesa masikelo a malonda ndi mapampu a petulo ndi kuikapo chizindikiro. Chida chilichonse chogulitsa ndi muyeso, kaya ndi madzi, mkaka kapena mafuta, chiyenera kuyesedwa motero, ndipo osati kamodzi kokha, pakuti zitsulo zimatha. Mnyamata amene amake anakalambira pa sikelo ya esiteti sayenera kuchita kuumirizidwa kuti ayesetse makina ake.

Za ukhondo nazo si zoseŵera. Sitinaiŵale kolera imene inayamba mu March 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700, pamene makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'miseu ndi m'masukulu. Wogulitsa chakudya amayenderedwa ndi a zaumoyo, ndipo wogwira chakudyacho amapimidwa kuchipatala. Woika chakudya m'makina ali pansi pa lamulo lomwelo, ngakhale akhale amafika usiku wokhawokha. Ena mwa achinyamata amaganiza za mkaka, poti kuno alimi oŵeta ng'ombe za mkaka ngambiri. Ku Kenya makina ogulitsa mkaka alipo ochuluka, koma mwini aliyense amafunika laisensi ya Kenya Dairy Board, ndipo mkakawo uyenera kukhala wophedwa tizilombo kale. Kuno onjezanipo nkhani ya magetsi. Tonse tikumbukira mdima umene unatigwera mphepo ya Ana itawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022. Mayi wogulitsa mkaka m'chigubu amaununkhiza, nadziŵa kuti wasasa. Makina alibe mphuno: magetsi akabwerera adzapitiriza kugulitsa mkaka womwewo kwa mwana wa sukulu.

Alibenso maso. Sadziŵa ngati dzanja loponya ndalama ndi la bambo wa ndevu kapena la mwana wa Sitandade 5. Ku England anayesa njira zambiri, koma potsiriza, mu October 2011, analetseratu makina ogulitsa fodya chifukwa ana ankagula mosavuta. Ife amene tinaona mmene moŵa wa m'masacheti unaloŵera m'zikwama za ana a sukulu boma lisanauletse mu 2015 sitifunika kuuzidwa kaŵiri. Moŵa uli ndi laisensi yakeyake, ndipo sugulitsidwa kwa ana. M'kuona kwathu suyenera kuyandikira makina otere konse.

Tinene zoona, si onse amene amakonda liu lakuti laisensi, ndipo ali ndi zifukwa zao. Wa ku Thekerani kapena ku Makwasa amataya tsiku lathunthu ndi ndalama za galimoto kuti akafike kuboma. Achikulire akumbukira zaka za m'ma 1970 pamene boma linachotsa amwenye m'masitolo a kumidzi, ndipo masitolo ena anakhala otseka nthaŵi yaitali. Ena akumbukira 2006, pamene mavenda anachotsedwa m'miseu ya m'mizinda pa ntchito imene inatchedwa Dongosolo. Kwa wosauka, pepala la boma limaoneka nthaŵi zina ngati chikoti. Ndipo wolipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku ali ndi ufulu wofunsa kuti chimbudzi chili kuti, madzi ali kuti. Mafunso ameneŵa afunsidwe ndithu, kwa makhansala amene tinawasankha tokha. Koma kuthaŵa laisensi sikukonza chimbudzi cha pamsika; kumangoika katundu wanu m'manja mwa aliyense amene angabwere kudzaopseza.

Pali china chimene ana athu saŵerengera. Mayi uja wa benchi ya mandasi pachipata, amene mwina ndi wamasiye wolera adzukulu, amakongoza wothyola tiyi mpaka tsiku la malipiro. Makina sakongoza. Anyamata amati kumeneko ndiko kukoma kwake, koma m'miyezi ya chilimwe, tiyi akachepa ndipo aganyu ambiri atapumitsidwa, ngongole ya mayiyo ndiyo imagoneka mabanja ena ndi kanthu m'mimba. Makina amodzi sangamchotse, inde, koma wopempha malo pachipata adziŵe kuti pali kale anthu.

Inu achinyamata amene mtima wanu uli pa malonda aŵa, tengani kope, mulembe mtengo wa makina ndi msonkho wa pachipata cha dziko, ndipo pansi pake mulembe laisensi ya khonsolo, kuyesetsa muyeso, kupimidwa kuchipatala, lendi ya malo ndi magetsi, ndi malipiro a mmisiri wochokera ku Blantyre tsiku limene makina adzameza K2,000 ya munthu osatulutsa kanthu. Tsiku limenelo lidzafika, ndipo wodandaulayo ali ndi ufulu wokasuma ku Competition and Fair Trading Commission. Choncho pa galasi la makinawo mumate pepala lolembedwa m'Chicheŵa, la zilembo zazikulu zoti agogo aŵerenge, lonena dzina lanu, nambala ya laisensi yanu, ndi kumene mungapezeke.