Kalata yochokera ku Madison: pulofesa amene ankapita kukamvera macheza a m'mawa

Okondedwa abale ndi alongo kumudzi,

Kalatayi ikuchokera ku Madison, likulu la chigawo cha Wisconsin ku America, komwe chisanu chimaumitsa nyanja mpaka anthu n'kumayenda pamwamba pake. Wolemba kalatayi amakhala mumzinda uno, ndipo wabwera ndi nkhani ya mayi Katherine Cramer, pulofesa wa maphunziro a ndale payunivesite ya kuno.

Akatswiri ambiri a ndale akafuna kudziwa maganizo a anthu amakonza mafunso, kufunsa anthu chikwi kapena kuposerapo, kenaka n'kuwerengera kuti avomera ndi angati, akana ndi angati. M'chaka cha 2007 mayi Cramer anatenga njira ina. Anakwera galimoto n'kulowera kumidzi. Akamayandikira katauni, ankayamba afufuza komwe eni dera amakonda kukumana m'mawa: pamalo omwetsera mafuta pomwe pamagulitsidwanso khofi, kapena kuchipinda chakumbuyo kwa lesitilanti komwe abambo amaponya madayisi asanapite kuntchito. Ankalonjera, kunena komwe achokera, kupempha mpando ndi chilolezo chojambula mawu. Funso lawo loyamba linali lofewa, lakuti kodi kuno chikukudetsani nkhawa n'chiyani. Akatero ankangotchera khutu.

Pofika 2012 anali atacheza ndi magulu 39 m'madera 27, ambiri a iwo mobwerezabwereza. Kubwererako n'kumene kunapindula. Mlendo wa tsiku limodzi amamva zimene eni mudzi akuganiza kuti n'zoyenera mlendo, koma akazolowereka, anthu amatsutsana ndi kunyogodolana pamaso pake, ndipo apo m'pamene amaona momwe maganizo a ndale amaumbidwira.

Zimene anamva zinali zofanana modabwitsa kuchokera mudzi uno kukafika mudzi uwo. Anthu ankati zonse zimagamulidwa m'mizinda ya Madison ndi Milwaukee popanda kuwafunsa. Ankati misonkho yawo imapita kumizinda osabwerera. Chowapweteka kwambiri chinali chakuti anthu a m'tauni amawaona ngati mbuli. Mkwiyowo unkagwera ngakhale mphunzitsi wa pasukulu ya m'dera momwemo, chifukwa iye anali ndi penshoni ndi inshuwalansi ya kuchipatala pamene wocheka matabwa analibe. Ena ankasiyanitsa anthu amene amasamba asanapite kuntchito ndi iwo amene amasamba akaweruka, thukuta lili thupi lonse.

Mayiwa atayang'ana mabuku a misonkho anapeza kuti madera akumidzi sankamanidwa gawo lawo la ndalama za boma monga eni akewo ankanenera. Komabe sanathamangire kuwatcha osadziwa zinthu. Anaona kuti dandaulo la ndalamalo linanyamula dandaulo lina, la ulemu, limene silikanatuluka pa funso loyankha kuti inde kapena ayi.

Ndale za chigawochi zinatsata mzere womwewo. Scott Walker anasankhidwa kukhala bwanamkubwa mu 2010, ndipo mu 2011 anabweretsa lamulo lotchedwa Act 10, lochepetsa mphamvu za mabungwe a ogwira ntchito m'boma. Anthu masauzande ambirimbiri otsutsa lamulolo anadzaza bwalo la nyumba ya malamulo kuno ku Madison, koma pachisankho chofuna kumuchotsa mu 2012 Walker anapambananso. Buku la mayi Cramer, The Politics of Resentment, linatuluka mu 2016. Chaka chomwecho kafukufuku wa manambala ankaonetsa Hillary Clinton ali patsogolo ku Wisconsin pachisankho cha pulezidenti, koma Donald Trump anatenga chigawochi ndi mavoti osakwana 23,000, woyamba wa chipani cha Republican kutero chichokere 1984. Atolankhani anayamba kulifunafuna bukulo.

Njirayi ili ndi malire ake, ndipo mwini wake sabisa. Ambiri mwa omwe amakhala ndi mpata womwa khofi m'mawa pamalo otere ndi azungu aamuna achikulire. Mayi wogwira ntchito ziwiri sapezekapo. Magulu 39 sangauze munthu kuti ndi anthu angati m'chigawo chonse amene amaganiza choncho. Pamenepo mpofunika owerengera aja. Ndiponso wofufuza amalowa m'machezawo ndi nkhope yake, kalankhulidwe kake ndi dzina la komwe wachokera. Mayi Cramer anakulira ku Wisconsin komweko, zomwe zinawatsegulira zitseko, koma dzina la Madison linkachititsa ena kuyamba awakayikira.

Wolemba kalatayi akamawerenga zimenezi mtima umathamangira kwathu. Manambala tili nawo: Afrobarometer yakhala ikufunsa Amalawi za demokalase, ziphuphu ndi atsogoleri kuyambira 1999, ndipo ntchitoyo ndi yamtengo wapatali. Chimene chikuperewera ndi anthu okwanira okhala pansi pabawo, pachigayo, pamjigo kapena m'tiyirumu ya pamsika, kumvera momwe nkhani ya makuponi a fetereza imasandukira nkhani ya chipani, ya mfumu, ya chigawo chimene munthu amachokera. Timadziwa kuti dera lakutilakuti linavotera uje; sitidziwa bwino mawu amene anthu ankauzana asanafike pamzere wovotera.

Chitsanzo chilipo kale. Harri Englund wa payunivesite ya Cambridge anatsatira pulogalamu ya Nkhani za M'maboma ya pa MBC, kucheza ndi akonzi ake ndi omvera ake m'Chichewa, ndipo mu 2011 anatulutsa buku la Human Rights and African Airwaves. Anaonetsa kuti nkhani zimene ophunzira ena amaziyesa zamiseche, za mfiti, za mabwana ouma mtima ndi mafumu adyera, ndi njira imene anthu wamba amadzudzulira amphamvu osakwaniritsa udindo wawo. Ophunzira a ndale ku Zomba ndi ku Mzuzu ali ndi chinenero ndi chibale chimene mlendo amachivutikira zaka. Chowasowa kawirikawiri ndi ndalama ya basi ndi nthawi yobwerera kumudzi womwewo mpaka anthu atawazolowera.

Mupereke moni kwa onse,
Mbale wanu wa ku Madison