Ndi kalavani ku Twee Rivieren m'chisanu cha Juni

Kuchokera ku Upington, msewu wa R360 umaloza kumpoto makilomita pafupifupi 250 mpaka pa geti la Twee Rivieren, polowera ku Kgalagadi Transfrontier Park kumbali ya South Africa. Ndi waphula, ndipo uku ndi uku kuli milu ya mchenga wofiira. Mafuta tinathira ku Upington n'kuwonjezeranso ku Askham, poti galimoto ikamakoka kalavani imamwa kwambiri. Laisensi nayo muione musananyamuke: ngolo yopitirira makilogalamu 750 imafuna ya EB, ya B siikwanira.

Kampu ili pamchenga, pafupi ndi pamene zigwa zouma za Auob ndi Nossob zimakumana. Pali sitolo, pothirira mafuta, mabafa a madzi otentha ndi poika magetsi. Malo amasungitsidwa ku SANParks, ndipo a Juni ndi Julaye amatha msanga chifukwa ana asukulu amakhala pa tchuthi. Tinafika masana, anthu ali m'malaya amikono yaifupi, agologolo akuthamangathamanga pansi pa makalavani, mchira ataufunda pamsana. Masana otere ndi amene amapusitsa mlendo. Dzuwa likangolowa kuzizira kumagwa nthawi yomweyo, ndipo kukamacha kumakhala kutatsika pansi pa ziro.

Mbandakucha ndinazungulira kampu manja ali m'khwapa. Paipi imene aneba athu anaisiya panja inali itauma gwa, madzi ataundana m'kati mwake. Odziwa amaichotsa madzulo, kuikhutula, n'kulowetsa chigubu cha madzi m'kalavani. Patsogolo pang'ono bambo wina amalimbana ndi kasitovu kokana kuyaka. Gasi analimo, koma timabotolo ta butane sititulutsa mpweya kukazizira kufika pa ziro. Silinda yaikulu yokhala ndi propane ndiyo imapirira, ndipo kabotolo kakang'onoko kayenera kugona pofunda. Batire nayo imafooka m'chisanu, choncho ifike usiku itadzaza.

Mawindo a makalavani ambiri anali akuchucha madzi m'kati. Ndi mpweya wa ogonamo umenewo, ndipo ukasowa potulukira umanyowetsa zofunda ndi makoma. Kawindo ka padenga kazikhala kotsegula pang'ono ngakhale kuzizire motani. Apa ndipo pali nkhani imene imandidetsa nkhawa. Nyama ikatha kuwotchedwa, makala amakhala akadali ofiira, ndipo munthu wozizidwa amalakalaka kuwalowetsa m'kati. Ife amene tinakulira pa mbaula timamva chaka ndi chaka za mabanja opezeka atafa m'nyumba yotseka, nanji m'kalavani mopanikiza chonchi! Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, ulibe mtundu, umapha munthu ali m'tulo. Makala atsale panja, sitovu ya gasi isasanduke chowothera, ndipo kaalamu kochenjeza za mpweyawu kasasowe. Chofunditsa chenicheni ndi bulangete lina loyala pansi, poti kuzizira kumalowera m'matiresi, kuwonjezapo chipewa, masokosi ndi botolo la madzi otentha kumiyendo.

Geti lolowera kunyama limatsegulidwa 7:30 miyezi imeneyi. Pothirira mafuta panali mzere wa magalimoto akuphwetsa matayala kufika pa mabaa 1.6, monga oyang'anira pakiyo amalangizira. Phula limathera pomwepo. Msewu wopita ku kampu ya Nossob ndi wamiyala ndi mchenga, wokwinyika ngati malata, ndipo liwiro silipitirira makilomita 50 pa ola. Kalavani wamba imagwedezeka mpaka makabati kutseguka ndi zomangira kumasuka. Ife tinaisiya pa kampu n'kutsata chigwa cha Auob ndi galimoto yokha, kumene ma springbok anali ataima chilili kuwothera dzuwa ndipo ma gemsbok amatsikira ku zitsime. Amene akufunitsitsa kukagona ku Nossob apeze ngolo yopangidwira misewu yoipa, tayala lapadera ndi pampu. Madzi akumwa anyamule okwanira, chifukwa a m'mipopi ya kumeneko ndi amchere.