Luso Lopanga Zidole za Mota Zoyenda Ngati Nyama

Chidole cha mota choyenda ngati nyama chimakhala ndi zigawo zinayi: batire, mota, magiya, ndi timikono tolumikizana timene timasuntha miyendo, mchira kapena mapiko. Mota imadziwa ntchito imodzi yokha, kuzungulira, pamene nyama zimaponda, zimakwawa, zimadumpha ndi kupalasa. Choncho ntchito ya mmisiri ndi kutenga kuzungulirako n'kukusandutsa kayendedwe kamene munthu akangokaona amatchula dzina la nyamayo.

Kumene lusoli lachokera

Zidole zakale za mtunduwu zinkapangidwa ndi luso la amisiri a mawotchi, ndipo zambiri zinkayendera sipuling'i yowayinda. Chodziwika kwambiri ndi bakha amene Jacques de Vaucanson wa ku France anaonetsa mu 1739, amene ankakupiza mapiko ndi kujompha chakudya. Zinthu zotere zinali za anthu olemera. Zinafika m'manja mwa ana wamba pamene makampani a ku Germany, monga ya Ernst Paul Lehmann imene inayamba mu 1881 ku Brandenburg, anayamba kupanga zidole zambirimbiri za chitini. M'zaka za m'ma 1950 makampani a ku Japan analowetsa batire ndi timota ting'onoting'ono m'malo mwa sipuling'i. Kampani ya Mabuchi, imene inakhazikitsidwa mu 1954, inatchuka ndi timota totere.

Kuyamba ndi kuyang'ana nyama

Mmisiri asanagwire waya kapena pulayazi amakhala pansi n'kuyang'ana nyama imene akufuna kuitsanzira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchitoyi mawuwo ndi oona, chifukwa miyendo imathamanga kuposa diso. Mpaka mu 1878 anthu ankatsutsana ngati hatchi yothamanga imakhala ndi nthawi imene ziboda zonse zinayi zili m'malere. Chaka chimenecho Eadweard Muybridge anandandalika makamera 12 ku Palo Alto, m'chigawo cha California, ndipo zithunzi zake zinasonyeza kuti zimaterodi. Lero foni ya m'manja imachita zomwezo: mmisiri amajambula mbuzi kapena nkhuku ikuyenda, n'kumaonera kanemayo pang'onopang'ono.

Poonerapo amafunafuna zinthu zitatu: mwendo umene ukutsatira unzake, nthawi imene phazi lililonse likukhala pansi, ndi zimene thupi lonse likuchita miyendo ikamayenda. Galu kapena mbuzi ikamayenda mwachifatse imayamba ndi mwendo wakumbuyo wa kumanzere, kenako wakutsogolo wa kumanzere, wakumbuyo wa kumanja, n'kumalizira wakutsogolo wa kumanja. Ikafulumira pang'ono miyendo imayenda iwiriiwiri mopingasa: wakutsogolo wa kumanzere pamodzi ndi wakumbuyo wa kumanja. Ngamila ndi nyamalikiti zimasuntha miyendo iwiri ya mbali imodzi pafupifupi nthawi imodzi, n'chifukwa chake zimayenda mopendama uku ndi uku. Nyerere ndi mphemvu zimaponda miyendo itatu nthawi imodzi, wakutsogolo ndi wakumbuyo wa mbali imodzi pamodzi ndi wapakati wa mbali inayo, ndipo itatu inayo imakhala m'mwamba.

Thupi nalo lili ndi chizindikiro chake. Buluzi amapinda msana uku ndi uku pa sitepe iliyonse. Nkhuku imaimika mutu pamalo amodzi thupi likupita kutsogolo, kenako n'kuuponya mwadzidzidzi. Bilimankhwe amagwedera kutsogolo ndi kumbuyo asanaponde. Chidole chikangotenga chizindikiro chimodzi chotere molondola, woonera amakhululukira zambiri zimene zasowa.

Mota ndi magiya

Kamota ka zidole kamathamanga kwambiri koma mphamvu zake n'zochepa. Mota ya FA-130, imene imapezeka m'zidole zambiri, imazungulira kokwana pafupifupi 9,000 pa mphindi imodzi ikapatsidwa mavoti 1.5 popanda katundu. Miyendo ya chidole imafuna kuponda kamodzi kapena kawiri pa sekondi. Magiya ndi amene amachepetsa liwirolo, ndipo liwiro likachepa mphamvu yokankha imakwera.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Giya ya mano 10 ikamayendetsa giya ya mano 40, yaing'onoyo imazungulira kanayi kuti yaikuluyo izungulire kamodzi. Magulu atatu otere motsatizana amachepetsa liwiro ka 64, motero 9,000 ija imatsika kufika pafupifupi 140 pa mphindi, ndipo chidole chikaikidwa pansi n'kusenza kulemera kwake imatsikanso. Pali giya ina yooneka ngati mazinga a bawuti, imene ikazungulira kamodzi imakankha dzino limodzi lokha la giya inzake. Imeneyi imachepetsa liwiro kwambiri pa malo ochepa, koma imataya mphamvu yambiri pokhulana.

Liwiro loyenera limadalira nyama. Nyama zing'onozing'ono zimaponda pafupipafupi, zazikulu zimatenga nthawi. Chidole cha njovu chikamayendetsa miyendo ngati khoswe chimangoseketsa, ngakhale chitamba ndi makutu zitasemedwa bwino.

Kuchoka pa kuzungulira kufika pa sitepe

Chida choyamba ndi crank, mkono wopindika ngati umene umagwira pedulo ya njinga. Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya yokhala ndi kamunthu kopalasa njinga kapena mbalame yokupiza mapiko akuidziwa kale: ekiselo ikapindidwa pakati, kawaya kolumikizidwa pamenepo kamakwera ndi kutsika. Chidole cha mota chimagwiritsa ntchito nzeru yomweyo, kungoti mwana wokankha uja walowedwa m'malo ndi batire.

Njira yapafupi yopangira mwendo ndi kuboola kamng'alu kotalika kumtunda kwake, kamng'aluko n'kukalowetsa pa msomali wokhazikika pa thupi, pakati pa mwendowo n'kumangirira pa crank. Crank ikamazungulira, phazi limatsika, limakankha kumbuyo, limakwera, n'kubwerera kutsogolo. Agalu ambiri a batire a m'masitolo amayenda motere. Vuto lake n'lakuti phazi limajambula chozungulira ngati dzira, ndiye thupi limadumphadumpha.

Njira yabwino ya phazi imaoneka ngati mbale yovundikira: pansi pake mzere wowongoka, pamwamba pake uta. Pa mzere wowongokawo phazi lili pansi ndipo liyenera kuyenda pa liwiro losasintha. Pa utawo lili m'mwamba ndipo liyenera kubwerera msanga. Katswiri wa masamu wa ku Russia, Pafnuty Chebyshev, anapeza kalumikizidwe ka timikono kotulutsa njira yotere, ndipo makina ake oyenda anaonetsedwa ku Paris mu 1878. Theo Jansen wa ku Netherlands, amene kuyambira 1990 wakhala akupanga zinyama za mapaipi a pulasitiki zoyenda ndi mphepo m'mbali mwa nyanja, zotchedwa Strandbeest, anagwiritsa ntchito kompyuta kusankha kutalika koyenera kwa timikono ta mwendo, ndipo anapeza manambala 11 amene amisiri ambiri amatengera lero. Mwendo wa Jansen umayenda mosalala koma sukweza phazi kwambiri. Wa Joe Klann, wa mu 1994, uli ndi tizidutswa tochepa ndipo umakweza phazi ngati kangaude kapena nkhanu, choncho umadutsa bwino pa malo a miyala.

Chida china ndi cam, gudumu la mabampu m'mphepete mwake limene limakankha kamtengo kotsamira pa ilo. Mmisiri amadula m'mphepetemo malinga ndi zimene akufuna: pamene pali bampu mutu umadzuka, pamene pali posalala umaima. Cam ndi yoyenera pa kugwedeza mutu, kutsegula kukamwa ndi kuphethira. Furby, chidole cha mu 1998, chinkayendetsa maso, makutu ndi mlomo ndi mota imodzi yokha kudzera m'ma cam angapo. Kumbali ina kuli AIBO, galu wa Sony wa mu 1999, amene mfundo zake zinali ndi timota takeitake tolamulidwa ndi kompyuta. Njira yachiwiriyi imalola mayendedwe ambiri, koma mtengo, kulemera ndi kudya batire zimakwera ndi mota iliyonse yowonjezedwa.

Nthawi ya miyendo ndi kukhazikika

Mwendo umodzi ukayenda bwino, chotsatira ndi kugwirizanitsa yonse. Zimenezi zimachitika posiyanitsa kumene ma crank aloza. Ma crank awiri osiyana ndi madigiri 180 amachititsa kuti mwendo wina ukakhala pansi unzake ukhale m'mwamba. Anayi osiyana ndi madigiri 90 amatulutsa kayendedwe kachifatse ka nyama ya miyendo inayi. Ambiri osiyana pang'onopang'ono amatulutsa funde loyenda m'miyendo ngati la bongololo.

Lamulo la kukhazikika ndi la mafuwa: mphika umakhala pa atatu. Pakatikati pa kulemera kwa chidole payenera kugwera mkati mwa malo ozunguliridwa ndi mapazi amene ali pansi. N'chifukwa chake wophunzira amayamba ndi kachilombo ka miyendo 6, kamene nthawi zonse kamakhala pa mapazi atatu. Cha miyendo inayi chimavutirapo, makamaka ikamayenda iwiriiwiri, ndipo chimafuna mapazi otambalala. Cha miyendo iwiri, monga bakha, chimapatsidwa mapazi aakulu olowerera mkati mpaka kudutsa mzere wapakati, kuti phazi limodzi lithe kunyamula thupi lonse. Mabatire, poti ndi amene amalemera kwambiri, amaikidwa pansi ndiponso pakati. Chidole choti chizikhota chimapatsidwa mota ziwiri, ina ya miyendo ya kumanzere ina ya kumanja, ndipo mbali imodzi ikachepetsa liwiro chimakhotera komweko.

Zokwawa, zosambira ndi zodumpha

Njoka imapita kutsogolo chifukwa mimba yake imatsetsereka mosavuta motsata utali wa thupi koma imakana kutsetsereka cham'mbali. Shigeo Hirose wa ku Tokyo Institute of Technology anatsanzira zimenezi mu 1972 poika timagudumu tongozungulira tokha pansi pa zigawo za njoka ya makina, mphamvu yonse n'kumachokera pa kupindika kwa thupi. Zidole zotsika mtengo zimadutsa njira yachidule: gudumu loyendetsedwa ndi mota limabisika pansi pa mutu, mutuwo umapita uku ndi uku, ndipo zigawo zinazo zimangotsatira.

Nsomba monga chambo imakupiza mchira cham'mbali, pamene namgumi amaukupiza m'mwamba ndi pansi. Mchira wa chidole uyenera kukhala wofewa kunsonga, chifukwa wouma umangovundula madzi. Chovuta kwambiri ndi kutseka pamene ekiselo yatulukira kuti madzi asafike pa mota.

Chule amafuna mphamvu yambiri pa kanthawi kochepa, zimene kamota sikangapereke. Mmisiri amagwiritsa ntchito cam yooneka ngati chigoba cha nkhono, imene imakoka sipuling'i pang'onopang'ono kenako n'kuitaya mwadzidzidzi. Palinso tizidole topanda magiya n'komwe, monga Hexbug Nano ya mu 2009. Timayendera kamota kokhala ndi kachitsulo kolemera mbali imodzi, konga kamene kamanjenjemeretsa foni, ndipo timiyendo ta labala topendekera kumbuyo timasandutsa kunjenjemerako kukhala kuthamanga kwa mphemvu. Mutu wa mswachi wakale umagwira ntchito yomweyo.

Kuyesa ndi kukonza

Mwendo woyamba umadulidwa pa katoni n'kukhomedwa pa thabwa ndi tinsonga, pensulo n'kuikidwa pa phazi kuti ijambule njira yake. Kusintha bowo limodzi ndi mamilimita awiri kapena atatu kumasintha njirayo moonekeratu, ndiye ndi bwino kulakwitsa pa katoni kusiyana ndi pa chitsulo. Mafakitale amaumba thupi ndi pulasitiki ya ABS, magiya ndi pulasitiki yoterera monga nayiloni. Mmisiri wa pakhomo amatola mota m'wailesi ya kaseti kapena m'makina a DVD akufa, miyendo amapanga ndi waya kapena nsungwi, ndipo popanda magiya amachepetsa liwiro ndi zitsekerero za mabotolo zolumikizidwa ndi lamba wa legeni.

Zolakwika zambiri zimadziwika ndi zizindikiro zake. Chidole chopalasa pamalo amodzi chili ndi mapazi oterera ndipo chimafuna kalabala kunsi. Chokhotera mbali imodzi chili ndi mwendo wotalikirapo kapena mfundo yothina. Chogwedera chili ndi mabowo aakulu kuposa misomali yake. Mota ikamatentha n'kumalira osazungulira, ndiye kuti magiya sanachepetse liwiro mokwanira kapena pena pagwira. Choyenda chafutambuyo chimangofuna kusinthanitsa mawaya awiri a mota.

Chitetezo cha mwana

Mwana amagwira miyendo ya chidole mota ili mkati moyenda, choncho amisiri amaika giya imodzi yotha kuterereka pa ekiselo ikapanikizika, kuti mano asathyoke ndiponso chala chisapanidwe. Magiya amatsekeredwa m'bokosi kuti asakole tsitsi, ndipo nsonga za waya zimapindidwa. Malamulo a zidole, monga EN 71 ku Ulaya ndi ASTM F963 ku America, amaletsa tizidutswa tomezeka pa zidole za ana osakwana zaka zitatu. Choyesera chake ndi kachubu kotambalala mamilimita 31.7, ndipo chilichonse cholowa chathunthu m'menemo n'chaching'ono mopitirira. Timabatire tonga mabatani n'toopsa kwambiri, chifukwa tikamezedwa timawotcha kummero m'maola ochepa. Chitseko cha batire chimamangidwa ndi sikuluwu.

Khungu

Nsalu, ubweya kapena chigoba zimabwera pomalizira. Zimawonjezera kulemera ndipo zimakoka miyendo, motero zimasokedwa motayirira m'mfundo, chidole n'kuyesedwanso ndi mabatire ogwiritsidwapo kale ntchito. Koma chisanavekedwe, mmisiri amachiyendetsa chili mafupa okhaokha pamaso pa munthu amene sanauzidwe kuti ndi chiyani. Akatchula nyama yolondola, khungu likhoza kusokedwa. Akalephera, mmisiri amabwerera ku ma crank ndi kutalika kwa timikono.