Zomwe Msodzi Amasiya Pamtunda

Ife akumtunda tikamakamba za asodzi a usipa timakonda kutama chinthu chimodzi, kulimba mtima. Timawaona akukankha maboti dzuwa likamalowa, kulunjika kumene ife sitingayerekeze kufika ngakhale masana, ndipo timapukusa mitu n'kumati anthu awa anabadwa opanda mantha. Koma amene anakhalapo padoko la ku Senga Bay kapena ku Msaka kuyambira masana mpaka madzulo angakuuzeni kuti kulimba mtimako ndi kagawo kakang'ono ka ntchitoyi. Gawo lalikulu ndi lotopetsa, ndipo palibe amene amalitama. Ena amakhala pamchenga kusoka ukonde wa chilimira pomwe unang'ambika dzulo, ena akumata boti pomwe pakuchucha, wina wapita kukatchaja mabatire a nyali, wina akuyeza mafuta a injini kuti aone ngati akwane ulendo wopita ndi wobwerera. Ndipo pamakhala wachikulire wina amene amaoneka ngati sakugwira ntchito iliyonse, koma maso ake ali kumwera, kuona momwe mphepo ikusinthira.

Usodzi umenewu uli ndi dongosolo lake. Usipa umakopeka ndi kuwala, choncho ntchito imayenda bwino mwezi ukakhala mumdima. Mwezi ukawala mbee, nyali ya munthu imachepa mphamvu. Amatsogola ndi siginala, munthu wa bwato la nyali, amene amakaima pomwe akuganizira kuti pali nsomba n'kudikira kuti zisonkhane pansi pa kuwalako. Akaona kuti zachuluka amaitana anzake, maboti awiri n'kuzinga malowo ndi chilimira, kenaka n'kuyamba kukoka. Gulu lonse limakhala la anthu pafupifupi khumi, ndipo onsewo chiyembekezo chawo chili pa diso la munthu mmodzi. Nthawi zina mafuta amene akutentha usikuwo ndi angongole, yodzabweza m'mawa ogula akafika padoko. Usiku wina boti limabwera lodzaza. Usiku wina amabwera ndi ya ndiwo yokha.

Chimene chimandiganizitsa n'chakuti kukonzekera konse kuja sikuwalonjeza nsomba ngakhale imodzi. Ukonde wosokedwa bwino suitana usipa. Nanga phindu lake n'chiyani? Ine ndimaona kuti kukonzekera kumaika malire pa zomwe usiku woipa ungawalande. Gulu lokonzekera likabwera chimanjamanja, lataya mafuta ndi tulo basi. Boti lilipo, chilimira chilipo, anthu onse alipo, ndipo mawa lingathe kupitanso. Gulu losakonzekera likakumana ndi usiku womwewo, injini n'kuzima pakati pa nyanja, lingataye zonse nthawi imodzi. Onse anaika china chake pachiswe, koma okonzekerawo anasankha okha choti aike ndi choti asiye pamtunda, pamene anzawo anangolola kuti nyanja iwasankhire.

Kuyambira mwezi wa May mpaka cha mu August kumawomba mwera, mphepo yozizira yochokera chakumwera, imene imatha kukweza mafunde masiku angapo motsatizana. Nthambi yoona za nyengo imachenjeza pawailesi, koma asodzi akale amakhala atadziwa kale poona thambo ndi kaonekedwe ka madzi. Tsiku lotere mupeza amuna omwe aja, amene timati alibe mantha, atakhala pansi pa mtengo kusewera bawo, kunyumba ufa utatsala pang'ono. Kukhalako n'kovuta kuposa kupita, chifukwa njala ikukankha, mwini ngongole akukankha, ndipo sipalephera kupezeka mnyamata wina amene akunena kuti mphepoyi si yoopsa. Munthu amene sangathe kunena kuti lero ayi, ineyo sindimuwerengera m'gulu la olimba mtima, pakuti kupita kwake sikuchokera m'maganizo. Akungotengeka ndi chomwe chikumukankha.

Nyanja yathuyi ili ndi mbiri yowawa pa nkhani imeneyi. Pa 30 July 1946 sitima yotchedwa Vipya idagubuduzika ndi kumira pafupi ndi Chitimba, komwe panthawiyo azungu ankati Florence Bay, ndipo anthu 145 adafa. Sichidali chombo chakutha. Idali sitima yatsopano, imene idali itangoyamba kumene kunyamula anthu chaka chomwecho, ndipo idapitiriza ulendo mphepo yamkuntho ili mkati. Padapita zaka zisanu kuti sitima ya Ilala iyambe kuyenda, mu 1951. Ndikaganizira za Vipya, chimandigwira mtima n'chakuti zida zabwino zingathe kumunamiza munthu kuposa zida zakutha. Wa bwato lobooka amadziwa malire ake. Wa sitima yatsopano, yokhala ndi ndandanda ya nthawi yofikira pamadoko, amavutika kuvomereza kuti lero ulendo uime. Choncho kukonzekera kwenikweni sikuthera pa kusonkhanitsa zida. Kumafunanso kuti munthu adziikire pobwerera asananyamuke, mutu udakali wozizira, chifukwa mafunde akayamba, manyazi ndi kuumirira zimalankhula mokweza kuposa nzeru. Makolo ankati nkhanga zinapangana kusanapse.

Wina angamve zonsezi n'kunena kuti ndiye chanzeru n'kungokhala pamtunda. Sizili choncho, ndipo asodzi omwewo ndi mboni. Kale ulemerero wa kummwera kwa nyanja udali chambo, ndipo munthu ankatha kupha chokwanira pafupi ndi gombe. Chambo chitachepa kwambiri, amene adapitirira ndi usodzi ndi omwe adalolera kugula injini, kuphunzira chilimira ndi kupita kutali kukasaka usipa, umene lero ndi woposa theka la nsomba zonse zomwe zimaphedwa m'dziko muno. Amene adakakamira zakale sadamire m'madzi ayi, koma adasauka pang'onopang'ono. Ndipo ife a m'maofesi tisadzinamize kuti zimenezi n'za kunyanja kokha. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adasunga ndalama zake mwakachetechete, osafuna kuziika pachiswe, adadzuka m'mawa zitachepa mphamvu iye osalakwitsa kanthu. Kusasuntha nako kuli ndi mtengo wake, kungoti sitimauona msanga chifukwa timaulipira pang'onopang'ono, ndipo palibe amene amatiseka tikamaulipira.

Pali mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, amene ndakhala ndikumuonerera kwa zaka zingapo akulimbana ndi funso limeneli. Ankafuna kuweta nkhuku za nyama, ndipo anzake ena ankamuuza kuti asiye choko, atenge ngongole yaikulu, amange khola la nkhuku mazanamazana, poti bizinesi imafuna mtima. Iye sadatero, komanso sadangokhala. Adayamba wapita Loweruka lililonse kwa mlimi wina wa nkhuku kukathandiza ulele, kusesa khola, kusakaniza chakudya, kufunsa mitengo ndi kuona komwe amagulitsa. Adatenga kangongole kochepa ku banki m'khonde n'kugula anapiye 50. Asanagule adakhala pansi ndi amuna ake, ndipo adagwirizana zinthu ziwiri: kuti ndalama ya fizi ya ana siidzakhudzidwa zivute zitani, ndiponso kuti akaluza maulendo atatu otsatizana, kholalo lisanduke nkhokwe popanda wina kudzudzula mnzake. Tsiku lina ndidamufunsa ngati sakudzichedwetsa, ndipo adandiyankha kuti, “Achimwene, ine ndikufuna ndikagwa ndigwere pomwe ndingadzuke ndekha.”

Adagwadi. Chitopa chidalowa m'mudzimo, ndipo ngakhale adatemera zake, adachedwa nako kutemerako, mwakuti zoposa theka zidafa. Chidamuwawa, koma ana sadabwezedwe kusukulu, ndipo pakhomo sipadafike wa katapila. Chomwe adatsala nacho ndi nzeru zomwe sakadazipeza mwa kungofunsa: kuti katemera ali ndi tsiku lake losadumphika, kuti alendo sayenera kulowa m'khola, kuti nkhuku ya nyama ikapitirira milungu isanu ndi umodzi isanagulidwe imayamba kudya phindu la mwini wake, choncho ogula ayenera kupezeka anapiye asanafike. Ndinganene kuti anapiye amene adafawo adali malipiro a maphunziro, ndipo adali malipiro oti angawakwanitse. Mnzake amene akadayamba ndi nkhuku mazana asanu za ngongole akadaphunzira zomwezo, koma akadalipira ndi nyumba.

Pangano lija la mayiyu ndi amuna ake lili ndi kulemera komwe mabuku ambiri olimbikitsa anthu, olembedwa kumaiko ena, sakuona. Kwathu kuno munthu saika moyo wake wokha pachiswe. Malipiro a munthu mmodzi amadyetsa nyumba yake, amagulira makolo feteleza kumudzi, amalipirira mwana wa mchemwali sukulu, ndipo maliro akagwa ndi omwewo amagula bokosi. Wosiya ntchito popanda kuuza anthu amenewa wawakweza m'boti lomwe iwo sakudziwa kuti lanyamuka. Sindikunena kuti munthu azipempha chilolezo kwa fuko lonse, chifukwa achibale ena angakuletseni ngakhale chinthu chabwino poopa kuti thandizo lawo lichepa. Koma amene adzamve njala mukalephera ayenera kudziwiratu kuti mwaika chiyani, mwasiya chiyani, ndipo mudzabwerera zikafika pati. Ndaona kuti nthawi zambiri munthu amene akubisa mapulani ake kwa mkazi wake, akuwabisa chifukwa iye mwini akudziwa kuti sangapirire mafunso.

Zomwezi zimaoneka pa ulendo wa ku Joni, umene m'maboma ngati Mangochi ndi Mzimba wasanduka njira yodziwika ya anyamata. Awiri akhoza kukwera galimoto imodzi, koma maulendo awo n'kukhala osiyana kotheratu. Wina ali ndi pasipoti, ali ndi luso la m'manja monga kusoka kapena kuwotcherera, ali ndi mbale womulandira, ndipo wasunga ya basi yobwerera. Wina wagulitsa munda wa makolo kuti alipire womuwolotsa, alibe mapepala, alibe luso, akungodalira kuti zikaoneka komweko. Onse awiri akhoza kugwidwa n'kutsekeredwa kundende ya Lindela, n'kubwezedwa kumudzi. Woyamba abwerera ku zomwe anasiya. Wachiwiri abwerera kopanda munda. Koma pamalo ochezera ndi wachiwiriyu amene amatchedwa dolo, ndipo mbiri imeneyi ndi imene imakopa aang'ono ake.

Komabe ndisakhale ngati ndikuikira kumbuyo anthu amene kukonzekera anakusandutsa pobisalira. Tonse tikuwadziwa, mwina ena ndife tomwe: munthu amene kwa zaka khumi wakhala akunena kuti adzabwerera kusukulu, adzatsegula shopu, adzafunsira udindo wapamwamba, koma nthawi zonse pamatsala kanthu kamodzi koti akonze. Chaka chino ndi mitengo ya zinthu, chaka chamawa ndi chisankho, chinacho ana akule kaye. Kusiyanitsa wokonzekera ndi wobisala sikovuta. Mufunseni kuti chatsala n'chiyani. Wokonzekera amatchula zinthu zowerengeka zomwe zili ndi mathero, ndipo mukabweranso patapita miyezi mupeza zina zachoka pamndandanda. Wobisala mndandanda wake umaphukira nthambi, chifukwa chimene akudikira ndi chitsimikizo choti zidzayenda, ndipo chimenecho palibe amene angampatse. Msodzi ukonde ukasokedwa, mafuta akakwana, mphepo ikagona ndipo mwezi uli mumdima, alibenso chonamizira. Amakankha boti asakudziwa ngati usipa ulipo, ndipo mantha amene atsala amapita nawo limodzi.

Kukula kwa munthu kumachitikira pa kachigawo kotsala kameneka, komwe kukonzekera sikungafike. Palibe amene amabadwa siginala. Amayamba ali mnyamata wokapa madzi m'boti, kenaka wokoka chingwe, akumvetsera akuluakulu akamakangana za komwe nsomba zapita, mpaka usiku wina amapatsidwa nyali. Usiku umenewo zonse zomwe anaphunzira zimamufikitsa pamalo oyenera, koma kuitana anzake kuti ponyani tsopano ayenera kuchita yekha, podziwa kuti akalakwitsa anthu khumi akoka ukonde wopanda kanthu ndipo m'mawa amunena padoko. Akalakwitsa kangapo n'kupezanso kangapo, amakhala ndi chinthu chomwe sangachifotokoze bwino ngakhale kwa mwana wake, kudziwa msinkhu wa nzeru zake, pomwe angazidalire ndi pomwe ayenera kufunsa.

Mayi uja tsopano amaweta nkhuku 200 pa ulendo umodzi, ndipo ali ndi malo odyera awiri patauni amene amamugula mokhazikika. Uphunzitsi sadasiyebe, ndipo anzake aja akumunenabe kuti ndi wamantha. Iye akuti adzalemba kalata yosiya ntchito phindu la nkhuku likadzaposa malipiro ake kwa chaka chathunthu, kuphatikizapo miyezi ya January ndi February, pamene chimanga ndi soya zimakwera mtengo ndipo ogula amachepa. Chaka chatha lidaposa miyezi yonse kupatula iwiri imeneyo, choncho wayambanso kuwerenga.